Mphero yanga ndaikwirira

"Nangozo," ankatero malemu amuna anga, "munthu asadzaone kuti katundu uyu umamutha. Akaona lero, mawa akusanjikizira wina."

Ankadziwa chimene ankanena. Paunyamata wawo anasenza mtolo wa nsungwi wa anthu awiri, kufuna kuti atsikana awaone. Atsikana anawaonadi, koma sipayi, wapolisi wogwira anthu a chibalo, ndiye anawaonetsetsa. Anathera pa machila, kunyamula shefe wa kuposito, bwana wa boma, mzungu wa mimba ngati nkhokwe, kukwera naye mapiri onse a kuno. Anamwalira atapindika ngati chikwakwa, moti mphasa inavuta kukulunga.

Mawu amenewa andibwerera sabata ino chifukwa cha mphero yanga.

Mpheroyi anandisiyira amayi. Yakhala pansi pa mtengo wa mapichesi zaka zonsezi, kupera mawere, osalakwira munthu. Ndiye kwabwera Antonyo wa kutsidya kwa dambo, wochokera kuntchito ku tauni ya Sozibele, ndi chipewa chopendekeka ndi chithunzi m'thumba. Pachithunzipo mzungu wovala kabudula yekha wakweza chitsulo pamwamba pa mutu.

"Akupita nacho kuti?" ndinafunsa.

"Sapita nacho kulikonse, agogo. Amangochitula pomwepo."

"Wamutuma ndani?"

"Palibe. Anthu amangomuombera m'manja."

Pomwepo ndinadziwa kuti pali chinyengo. Munthu wanzeru zake angasenze katundu wosapita kulikonse?

Chitsulo chotere kuno kulibe, choncho maso a anyamata anagwera pa mphero yanga. Lamulungu titatuluka Misa ndinawapeza atazungulira mtengo wanga, malaya ali pansi. Antonyo anaikumbatira, naikweza kufika pachifuwa. Maso anafiira ngati phwetekere, magazi m'mphuno chuu, kenaka anakhala pansi mwaulemu nkunena kuti kanthu kaduka m'munsimu. Lero akuyenda atatangadza miyendo ngati wakwera bulu wosaoneka. Enfermeyiro wa kuchipatala wati matumbo atsikira kumene sanaitanidwe. Ife timati phudzi. Anzake akumutchabe ngwazi, ndipo mayi ake akuti mwala ndinaukhwimira ine.

Zikanathera pa Antonyo sindikanalemba. Koma wotsatira anali Zuze, mdzukulu wanga, yekhayo wanditsalira pakhomo. Ndiye amandiundira mizere, ndiye amandifolerera denga. Analengeza kuti iye aikweza kupitirira mutu, uku akuyang'ana mwakuba kwa Rozina, namwali amene akumufuna. Ine ndinayang'ana kwina. Sipayi anali atatsamiritsa njinga pampanda, akudya mapichesi anga, akuomba m'manja kuposa onse. Kodi sipayi anayamba liti kuombera munthu m'manja popanda chifukwa?

Ndinadutsa pakati pawo nkukhala pa mpheroyo, phwatha.

"Wofuna mphero ayambe wanyamula ine!"

Pakamwa, abale, pakamwa. Anyamata anayang'anana. Zuze analavulira m'manja.

"Agogo, gwiritsitsani."

"Iwe Zuze, ndikutemberera!"

"Mutemberere tikatsika, agogo."

Ndinangoona nthaka ikundithawa. Mutu wanga unapitirira mpanda, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuseri kwa nyumba ya aNabanda, oyandikana nawo. Mphika wanga umene unasowa chaka cha dzombe uli pomwepo, akufungatiriramo nkhuku. Tidzakambirana. Pansi panga Zuze anali kunjenjemera ngati mwana wa mbuzi pamvula, ndipo ndinamva kanthu kakuti thee. Iye akuti linali bondo langa. Bondo langa ndimalidziwa kulira kwake.

Kuyambira tsiku limenelo malamulo asintha. Akuti mphero yokha nja ana, mwamuna weniweni amanyamula mphero agogo atakhala pamwamba pake. Anyamata a ku Lifidzi atumiza mawu kuti akubwera Lamulungu likudzali, ndipo afunsa ngati Zuze anandinyamula nditadya kapena ndisanadye, kuti pasakhale kubera. Anzake a Zuze nawo ayamba kundikonda mwadzidzidzi. Uyu mbatata ya kachewere, uyu nyemba, uyu nthuli ya nkhumba. Zaka zonsezi palibe anandipatsapo ngakhale chitsononkho. Mukuganiza sindikuona? Akundinenepetsa kuti alendo akalephere.

Ndikufunseni inu makolo amene mumaimirira kumbuyo nkumalulutira. Misana ya ana athu yachepa ntchito? Khasu likuifuna, matumba a chimanga opita kukantina akuifuna, chibalo chikuifuna osapempha. Kamsana kotsalako nkoperekanso kwa mwala kuti anthu akuwe? Okuwawo phudzi likatsika sakhalapo. Antonyo akupita kuthengo yekha, atagwira mpanda.

Wina wandiuza kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha. Chabwino. Nyanga ikafota umasema ina. Msana ukausema kumtengo uti?

Zuze akudzuka atagwira m'chiuno, akuti anagonera mbali yoipa. Akuti Lamulungu andikweza mpaka ndione Ulongwe. Ndikatsika pamwala aukweza pamutu, ndikakhalapo andikweza nawo. Ndiye dzana, anthu onse ali kumunda, ndinatenga khasu nkukumba dzenje m'mbali mwa mphero. Ndinapeza mtengo wolimba, ndinapanikiza, ndinakankha ndi phewa, ndinaitana amayi ndi oyera mtima onse. Mphero inagubuduka, khu, m'dzenje. Ndinakwirira, ndinapondaponda, nkubzalapo tsabola. Mawere ndizikapera kwa eni. Afune anyamule dziko lonse la Angoniya.

Pokankhapo, kanthu kanati thee. Ulendo uno silinali bondo.

Ndipo nditatembenuka, diso la aNabanda linali pa kabowo ka mpanda.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti nkhalamba yasuntha mphero yokha, mwala umene unatsitsa matumbo a Antonyo. Zuze wakwiya, sakundilankhula, koma msana wake wapuma, ndipo ndicho ndinkafuna. Anyamata a ku Lifidzi akuti abwerabe, kudzaona ine. Dzulo sipayi anaima pampanda, nandipatsa moni wautali, maso ali pa mapewa anga.

"Mai, mphamvu zikadalipo, eti?"

Amuna anga anandichenjeza, ine ndinaiwala kuyang'ana mpanda.

Tsono inu owerenga, mukamadutsa njira ya kudambo, patukani mudzandizonde. Ndagona pamphasa chafufumimba, sindingathe kukutsegulirani, ingokankhani chitseko. Musabwere ndi mbatata, ndidzadziwa amene wakutumani. Mukapeza mphasa yokha, thamangirani kumsewu wa kuposito mukayang'ane machila a shefe. Wamfupi wa kutsogoloyo, wa mpango kumutu, ndine.