Chaka Chimene Abambo Anapita Kukasankha

Utsi wa m'chigafa cha abambo sunali ngati utsi wa kukhitchini. Unali wolemera, wa nkhuni zaziwisi ndi zitsononkho zonyeka pang'onopang'ono pansi pa masamba a fodya wa chikopa. Unkalowa m'tsitsi, m'bulangete, ngakhale m'dowe amene tinkaotcha pamakala ake. Kusukulu ankati ndikununkha ngati kaliwo wa nkhalamba, koma sindinkadandaula, poti theka la kalasi linkanunkha chimodzimodzi. Kwathu, kuseri kwa Mpingu, kumapeto kwa dzinja kunali kwa fodya basi: kuthyola m'mawa mame asanaume, kusoka pamikangala masana, manja ali bii ndi utomoni umene ngakhale sopo ankauopa.

Chinali chaka cha 1956, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mu Sitandade 1 pasukulu ya mishoni. Abambo anga, a Lazaro, anali mkamwini. Kwawo kunali kwa Kabudula, ndipo ngakhale anali atakhalitsa pamudzi pa amayi mpaka kubzala mango n'kudya zipatso zake, pabwalo ankakhalabe kumbuyo. Mwini mbumba anali atsibweni anga, a Filimoni, mlongo wawo wa amayi, munthu wosatha kudutsa mnzake osamugemula. Abambo akati aponyepo mawu pa nkhani ya malire a munda, atsibweni ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Alamu, mkamwini asamakule mwendo." Anthu ankaseka, abambo nawonso ankaseka. Koma tsiku limenelo nkhuni za pakhomo pathu zinkawazidwa ngati zalakwa.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, aphunzitsi anatambasula nyuzipepala pansi pa mkuyu. Anawerenga kuti chaka chimenecho anthu akuda oimira dziko ku nyumba ya malamulo ku Zomba achita kusankhidwa ndi akuda anzawo, osati kulozedwa chala ndi Bwanamkubwa. Masiku amenewo aliyense anali ndi mkwiyo ndi chitaganya, chimene chinamangirira dziko lathu ku maiko a Rhodesia osatifunsa, choncho anthu anayamba kunong'onezana kuti boma latsopano layandikira. Abambo anamva chiyambi chokha. Moto wa m'chigafa sudziwa Sabata, ukangotulutsa malawi ndiye kuti thukuta la chaka chonse lapsa, ndipo iwo anathamangira kukauona aphunzitsi asanatsirize.

Theka limene sanamve anadzimalizira okha. Kumsika wa fodya anali ataona kuti wodinda chala amamukankha, pamene wolemba dzina amamutchula kuti bambo. Choncho anatsimikiza mumtima kuti wosankha adzakhala munthu wodziwa kulemba dzina lake, kaya ndi mwini mudzi kaya ndi mkamwini. Atsibweni, ndi pakamwa pawo ponse paja, cholembera sankadziwa mutu wake. Mawa lake nditabwera kusukulu abambo anandikodola. "Esinati, bwera ndi sileti yako kuchigafa. Usauze munthu."

Ndivomere kuti ndinali mphunzitsi wankhanza. Ndinkatengera zonse za aphunzitsi athu, kuyenda manja kumbuyo, kutsokomola, ngakhale kunyamula kamtengo, ngakhale kuti kukagwiritsa ntchito sindikanayerekeza. Abambo ankakhala pachitsa, sileti pabondo, maso ali misozi chifukwa cha utsi. Zala zawo zinazolowera mpini wa khasu, ndipo zolembera zanga ziwiri zinathyoka sabata yoyamba. Ankatulutsa nsonga ya lilime polemba, ngati mwana wa Sabu A, kalasi yoyambirira. Ndikati, "Bwerezani," ankafufuta ndi chigongono n'kubwereza osanyinyirika. Ndinkawakonda koopsa pa nthawi imeneyo, koma sindinkadziwa kuti chimene ndikumvacho n'chikondi. Ndinkayesa kuti ndi kukoma kwa uphunzitsi.

Amayi sitinawauze, koma anadziwa. Anasamutsira mtondo wawo pafupi ndi njira ya kuchigafa, ndipo munthu akamabwera ankaleka kusinja n'kumupatsa moni wofuula, womveka mpaka kudambo. Sileti inkalowa pansi pa chiguduli, abambo n'kuyamba kusonkheza moto. Anachapanso jekete ya abambo ya kutchalitchi, nabwereka simbi ya makala kwa akazi a aphunzitsi, osanena kuti n'za chiyani.

Chinsinsi anaulula ndi eni ake. Tsiku lina amuna atapumula pa thobwa, atathandizana kufolera nkhokwe, abambo anapukuta pakamwa n'kulengeza kuti sabata yotsatira akupita ku boma ku Lilongwe kukasankha. Amuna aja anayang'anana. Ine ndinali potero ndi mtsuko wa thobwalo, ndipo ndinaona atsibweni akuluma mlomo wam'munsi, maso akuseka. "Pitani alamu," anatero. "Mukatisankhire wabwino."

Maina a opikisanawo abambo sankawadziwa, ndipo ankaopa kuti akalephera kulemba pamaso pa azungu. Choncho tinakonzeratu. Ndinang'amba pepala pakati pa kope langa, iwo n'kundiuza zolemba: "Ine ndasankha wokana chitaganya." Pansi pake analemba okha dzina lawo, zilembo zikuluzikulu zotsamirana ngati mpanda wakale. Ananditenga kuti ngati angafunsidwe zina zovuta ndikhale pafupi.

Tinanyamuka m'mamawa pa njinga, ine pakaliyala, atandiyalira chitenje cha amayi. Mvula inali itagwa, msewu uli matope ofiira, ndipo pokwera zitunda tinkatsika n'kumakankha. Chimanga chinali chitatalika mbali zonse, maungu akusuzumira m'mphepete mwa minda. Pa Chitedze, pa minda ya boma yoyesera mbewu, ndinadabwa kuona mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula, ndi tizikwangwani toyera pamunda uliwonse. Ndinagwira jekete ya abambo njira yonse, ndikumva msana wawo ukutentha, iwo akutchula zilembo za dzina lawo chapansipansi motsatana ndi kupalasa.

Ku boma kunali magalimoto angapo, mbendera, ndi mafumu ovala mikanjo akulowa m'nyumba ina yaikulu. Pakhonde panaima mesenjala wachikulire, wa yunifolomu ya kaki ndi chisoti chofiira. Abambo anavula chipewa, napereka moni, nanena chimene abwerera. Mesenjala uja sanaseke. Anawatengera pambali pang'ono n'kulankhula motsitsa mawu, koma ndinamva. Anati osankha ndi a khonsolo ya chigawo okha, mafumu ndi akuluakulu ochepa amene maina awo ali kale m'buku. Ine mawu akuti khonsolo sindinkawadziwa, ndinangoganiza kuti akuwakayikira kuti sadziwa kulemba. Abambo anaima chilili, akupotokola chipewa m'manja.

Mtima unandipweteka. Ndinalowa pakati pawo, mwana wopanda mwambo, n'kunena mofuula kuti, "Abambo amatha kulemba! Aonetseni pepala lija, abambo!"

Mesenjala anandiyang'ana, nayang'ana abambo, nayang'ananso matope amene anali m'miyendo mwathu. Kenaka anatambasula manja onse awiri, monga polandira mphatso kwa mkulu. Anawerenga pepalalo pang'onopang'ono, natchula dzina la abambo momveka. "Lalembedwa bwino, bambo. Ndalandira." Analipinda kawiri, naliika m'thumba la pachifuwa, namanga batani, kenaka anaima njo n'kuwachitira sawasha. Pobwerera abambo anandigulira banzi, koma sanalankhule njira yonse. Ndinkayesa kuti ndi mmene amakhalira anthu akasankha.

Tinafika dzuwa likupendeka, ndipo tinapeza amuna atadzaza pakhonde pa atsibweni, ena ndi mikangala yawo m'manja ngati angodutsa. "Nanga alamu," anatero atsibweni, "mwasankha eti?" Abambo anatsamiritsa njinga pamtengo, natsegula pakamwa. Sindinawapatse mpata. Ndinafotokoza zonse, za mbendera, za manja awiri, za batani, za sawasha, mpaka kuonetsa mmene mesenjala anaimira. "Ndaona ndi maso anga," ndinatero, chibwano m'mwamba.

Atsibweni anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndili wefuwefu. Kenaka ananyamuka pampando wawo wa ndalema, umene munthu wina aliyense sankaukhudza, naukankhira kutsogolo. "Khalani apa alamu. Munthu wochokera ku boma sakhala pansi." Abambo anakhala, maso ali pansi, ndipo amayi anabwera ndi madzi atagwada. Palibe anaseka.

Patapita masiku aphunzitsi anawerenga kuti amene anasankhidwa kupita ku Zomba anali okana chitaganya. Ine ndinayenda chonyang'wa mwezi wathunthu, ndikuuza aliyense kuti anawatumiza ndi abambo anga. Boma latsopano lija silinaoneke, Bwanamkubwa anali pomwepo, chitaganya chili pomwepo, koma zimenezo sizinandikhudze. Abambo sanatsutse nkhani yanga, ndiponso sanaibwereze ngakhale kamodzi. Chifuwa chinawatenga zaka zochepa pambuyo pake, chisankho cha munthu aliyense chisanafike.

Ndinali nditayamba kale ntchito ya uphunzitsi pamene atsibweni, atakalamba ndi kugwa mano, anandiuza zoona. Iwo anamva nyuzi ija mpaka kumapeto, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti abambo akabwezedwa. Anasonkhana pakhonde paja kuti aseke. "Ndinali nditakonzeratu zonena," anatero. "Koma unaima ngati kamsilikali, iwe, ndipo ndinaona alamu akuopa, osati kuseka kwathu, koma kuti uzindikira. Ndiye ndikanatani?"

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti tsiku limenelo abambo anasankha anthu opita ku Zomba, ndi kuti ine ndinawateteza kwa mesenjala. Tsopano ndikudziwa kuti pepala lija silinapitirire thumba la kaki, ndi kuti wotetezedwa ndinali ine. Abambo anapita ku Lilongwe kukafuna malo pamene mawu awo angawerengedwe, ndipo anawabweza pakhomo. Atafika kumudzi anali ndi mawu amodzi okha oti anene, oona, koma anawameza chifukwa cha mwana wawo, nakhala nawo chete mpaka kumanda.