Makutu a M'thumba la Malaya

Makutu anga anatseka ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Malungo anandigwetsa, jakisoni wa kwinini anandidzutsa, koma podzuka ndinapeza anthu onse akungotsegula ndi kutseka pakamwa ngati nsomba zam'bwato. Uphunzitsi unathera pomwepo. Mwana akuyankha zolakwa, iwe n'kumagwedeza mutu kuti wakhoza, ndiye sukulu yanji? Kwathu ku Ntcheu sindinabwerere. Ndinali nditakwatira ku Mangochi konkuno, ndipo achimwene a mkazi wanga, alamu anga, anandipezera makina osokera ndi malo pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika. Ndinasanduka telala.

Alamuwo anali Msilamu, wogulitsa nsomba zouma, munthu wamtali, wamtima wabwino, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Mkazi wanga analowa tchalitchi ali mtsikana ku Malindi, iwo anatsala kumzikiti, ndipo palibe tsiku limene tinakanganapo za Mulungu. Ankadya kwathu pafupifupi tsiku lililonse. N'chifukwa chake nyama ya nkhumba sinapondepo m'nyumba mwanga, ngakhale ine Mngoni ndinkailota.

Ndi iwo amene anabweretsa bawo pakhonde langa. Posakhalitsa pankadzaza amuna kuyambira dzuwa likatentha mpaka kuweruka. Ine ndinkapalasa makina, n'kumaona milomo ikuyenda, mapewa akugwedezeka ndi phwete, ndipo ndinkadzitama kuti anthu amandikonda. Kupusa kwake! Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wacheuka asanatsokomole. Khonde langa linali ndi bwalo loyera kutsogolo, moti wobwera ankaonekera patali. Linali ndi makina aphokoso, komanso telala wosamva. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anthu ankabwera kudzatula zakukhosi pamalo okhawo amene mwini wake sakanatha kuwapereka. Ine sindinkadziwa.

Kenako kunamveka kuti kuchipatala cha mishoni ku Malindi kwabwera dokotala wa makutu wochokera kunja. Mkazi wanga anachita kundikoka, chifukwa ine ndinali nditatopa ndi mafuta a nsato ndi mapemphero a anthu. Dokotalayo anandipatsa kabokosi konga ka machesi, koika m'thumba la malaya, kokhala ndi waya wokwera m'khosi mpaka m'khutu. Atakayatsa kanayamba kalira kuti tswiii, ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Kenako ndinamva mawu a mzimayi wachikulire akuti, "Bambo, mukundimva?" Ndinayang'ana namwino, koma pakamwa pake panali potseka. Anali mkazi wanga. Ine m'mutu ndinkasungabe mawu ake a utsikana, osadziwa kuti nawonso akalamba. Ndinalira pamaso pa mzungu, osachita manyazi.

Asakunamizeni kuti kumva kumabwerera ngati kuyatsa nyale. Sabata yoyamba ndinkafuna kukataya kabokosiko mu Shire. Malaya anga akakhudza pang'ono, zinkamveka ngati wina akukoka chiguduli m'mutu mwanga. Kutafuna chinangwa kunali nkhondo. Nkhuku, ha, nkhuku zimalongolola abale! Makina anga amene ndinkawayesa aulemu anali chigayo chenicheni. Mkazi wanga anandiuza kuti zaka zonsezi ndakhala ndikukuwa, ndipo aneba onse ankadziwa za m'nyumba mwathu. Koma chimene chinkandiopsa chinali china. Popeza khutu langa tsopano linali m'thumba, mawu onse ankachokera pachifuwa. Munthu akayankhula sindinkadziwa ngati ali kutsogolo kapena kumbuyo kwanga. Ndinkangocheukacheuka tsiku lonse.

Tsiku limene ndinabwerera pakhonde ndinavala malaya oyera, waya uli poyera, ndikuyembekeza kuti anthu asangalala. Ndinawapatsa moni, n'kuwauza kuti ayankhe chapansipansi, ndimva. Wina anasiya nkhomo za bawo m'manja osazigawa. Kenako bambo wina wokonza njinga anafunsa, akuseka kuseka kopanda mano, "Kawailesi kameneka, atelala, kamangolandira, kapena kamatumizanso?" Onse anaseka pang'ono. Pofika Loweruka, khonde linali litapepuka. Uyu akuti mwana wadwala, uyo akuti bawo lamutopetsa. Anatsala alamu anga ndi anzawo awiri a nsomba, amene ankangosewera mitu ili pansi.

Alamu okha sanasinthe, ndipo apa m'pamene ndinamva koyamba zimene khonde langa linkadya zaka zonsezo. Anayamba ndi achinyamata a chipani amene ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi. Anati aona mayi woyembekezera akugulitsidwa makhadi awiri, lina la mwana wam'mimba. "Wallahi, mwanayo akadzabadwa mapasa, amumanga mayiyo chifukwa chozembetsa munthu!" Anatchula mphunzitsi wina amene galimoto ya apolisi inadzamutenga pasukulu masana, ana akuona, ndipo mpaka tsikulo mkazi wake sankadziwa koti akafunse. Anatchulanso dzina limene sitinkalitchula popanda kuwomba m'manja.

"Alamu, chepetsani," ndinatero.

"Aa! Dzulo lomweli munali chitsa, lero mwasanduka wapolisi? Sokani, alamu, sokani. Thalauzalo likukudikirani."

Sabata yachitatu kunabwera atcheya a chipani a dera lathu. Anali munthu wofatsa, wonenepa pang'ono, woyankhula ngati akutonthoza mwana. Anasankha Lachisanu masana, Asilamu onse ali kumzikiti, khonde lili mbee. Anandipatsa thalauza loti ndipinde, n'kuzungulira kumbuyo kwanga ngati akuyang'ana nsalu. Ndinamva kamawu kakang'ono kakuti, "Ulusi wanu wagwa, atelala." Ndinawerama kuyang'ana pansi. Panalibe ulusi. Nditadzuka ndinawapeza akumwetulira.

"Ndiye mukumvadi. Tithokoze Mulungu."

Anakhala pabenchi la bawo. Anati pakhonde pano pamanenedwa zinthu, ndipo akuluakulu akhala akudandaula kuti mwini khonde ndi wosamva. Tsopano vutolo latha. Azibwera Lachisanu lililonse nthawi ngati yomweyo, ine ndiziwauza amene wanena chiyani. "Si zambiri ayi. Inu munali mphunzitsi, mumadziwa kusunga mawu."

Lachisanu lotsatira ndinawauza kuti mabatire atha, ndipo ku Mangochi sapezeka. Ndinali nditavula kabokosiko sabata yonse, moti anachita kundilembera papepala kuti pepani. Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Patangopita masiku anayi anabwera ndi envelopu yakhaki. M'katimo munali mabatire asanu ndi atatu, a mtundu womwewo, saizi yomweyo. Ine sindinawaonetsepo batire ngakhale limodzi. Anadikira ndiike, ndiyatse, kenako anayankhula mofatsa monga mwa masiku onse.

"Boma limasamala anthu ake, atelala. Kakafanso kameneka, tidziwa kuti mwakapha ndinu. Alamu anu tikuwadziwa kale. Tikungofuna munthu mmodzi wonena kuti ndinamva ndi makutu anga. Mukakhala kuti simunamve, ndiye kuti mumagwirizana nazo. Lachisanu."

Ndinatsala ndi masiku atatu. Kuwauza alamu kunali kosatheka. Ndinkawadziwa: akanapita pakati pa msika n'kukuwa kuti atcheya akufuna kusandutsa mlamu wanga kazitape, ndipo galimoto ikanatitenga tonse awiri dzuwa lisanapendeke. Kuuza mkazi wanga kunali chimodzimodzi, chifukwa iye ndi achimwene ake sankabisirana ngakhale chifuwa. Chotsala chinali chimodzi. Alamu achoke pakhonde langa, achoke m'nyumba mwanga, aliyense aone kuti sitiyankhulana, kuti pasakhale munthu woti anganditume kukamva mawu awo.

Lachitatu ndinayesa kuwatukwana. Ndinati akununkha usipa, akundithamangitsira makasitomala, achoke. Koma inu mukudziwa chilamu. Mlamu ndi munthu amene umamunyoza iye n'kumakoma nazo. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati ine ndi Mngoni wopanda ng'ombe, mkamwini wobwera ndi sutikesi ya makatoni, ndipo mlongo wawo anakwatiwa nane pondimvera chisoni. Ndinati ndikunena zoona, atuluke. Anati, "Ehe, kawailesi kayamba kugwira bwino!" Anzawo aja anasekanso, koyamba m'masabata atatu. Madzulo ake anabwera kwathu kudzadya, atanyamula chambo ziwiri.

Lachinayi m'mawa ndinapita kwa wogulitsa nyama, Msilamu wochinja ziweto mwa malamulo ake onse, n'kugula nyama ya mbuzi. Ndinaidula ting'onoting'ono, n'kuikazinga ndekha pambaula kuseri kwa sitolo, tsabola wambiri. Alamu anafika msanga monga mwa chizolowezi, anzawo asanabwere. Ndinawapatsa mbale. Anati bisimilahi, n'kudya yonse, akuyamikira kuti kumva kwandiphunzitsa ulemu. Ine ndinabwerera pa makina, n'kuthyola singano.

Ndinadikira anzawo awiri aja akhale pansi, bawo liyambe. Kenako ndinaimitsa makina.

"Alamu, nyama ija yakoma?"

"Kwabasi."

"Inali nkhumba."

Anaseka, koma anaseka okha. Munthu amene sanalawepo nkhumba angaidziwe bwanji? Anati, "Musasewere choncho, alamu." Ine ndinaimirira, n'kunena mokweza kuti a m'sitolo amve, kuti ndatopa kusala nyama m'nyumba mwanga chifukwa cha munthu wobwera kudzadya zaulere, ndipo ndimafuna ndione ngati angafe nayo. Anandiyang'anabe, akudikira kuti ndiseke. Ndiye ndinalumbira pa manda a mayi anga.

Anali ndi nkhomo m'dzanja. Zinagwa pasimenti, ndipo kabokosi kanga kanatola iliyonse, imodziimodzi, mpaka yomaliza imene inagubuduzika kukagwera m'ngalande. Anzawo anadzuka osandiyang'ana. Alamu anayankhula motsitsa kwambiri, mwina poganiza kuti sindimva.

"Ine ndinkati ndili ndi m'bale."

Anapita kuseri kwa khoma. Ndikanatha kuzimitsa kabokosiko, chala chinali pomwepo, koma sindinazimitse. Ndinamva munthu wamkulu akudzisanzitsa, akulira, akupempha Mulungu wake kuti amukhululukire tchimo limene sanachite.

Lachisanu atcheya anapeza khonde lopanda munthu, bawo litachotsedwa. Nkhani inali itawapeza kale, pakuti Mangochi yense ankainena. Anandifunsa zimene ndamva sabata imeneyo. Ndinati ndamva makina anga ndi nkhuku. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akusisita chipewa chawo pabondo. "Mwayambana ndi alamu anu pa nthawi yake, atelala," anatero. Anapitiriza kubwera Lachisanu lililonse kwa miyezi yambiri, kudzangokhala pabenchi, osanena kanthu. Galimoto iliyonse ikaima pamsewu ndinkamva injini pachifuwa panga, osadziwa kuti yaima mbali iti, ndipo phazi linkauma pa makina.

Kunyumba mkazi wanga sanandikalipire. Bola akanakalipa. Ankaphika, n'kuika chakudya patebulo, n'kukadyera kukhitchini. Ndinali nditapeza makutu kuti ndimve mawu ake, ndipo kwa chaka chathunthu ndinamva "madzi ali kubafa" basi. Asilamu anasiya kusoketsa kwa ine. Akhristu anzanga ena ankandigwira chanza mondinyadira, ndipo amenewo ndinkadana nawo koposa.

Alamu anasamukira ku Katuli, kwawo kwa akazi awo, kutali ndi msika wathu ndi atcheya ake. Kaya kumeneko pakamwa anatseka, kaya ankayankhula ndi mbuzi zokha, sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti galimoto sinawatenge. Anamwalira pamphasa pawo, ndi chifuwa, dzinja lina zinthu zisanasinthe. Uthenga unafika kwa mkazi wanga wonena kuti abwere yekha.

Chipani chimodzi chitatha, anthu atayamba kuyankhula m'minibasi mopanda kucheuka, ndinamuuza mkazi wanga. Tinali pakhonde la nyumba yathu masana, iye akusankha mpunga m'lichero. Ndinafotokoza zonse, za ulusi, za mabatire, za Lachisanu. Pomaliza ndinati, "Inali mbuzi, mayi. Yochinja bwinobwino. Sindikanawadyetsa chinthu chimenecho."

Sanasiye kusankha mpunga. Anati achimwene ake anakhala masiku atatu osadya, ndipo mpaka imfa yawo sanalandirenso nyama m'nyumba ya munthu wina aliyense, ngakhale paukwati wa mwana wawo. Ndinati ndinawapulumutsa. Anavomera ndi mutu kuti inde, mwina ndinaterodi. Kenako anaika lichero pansi, n'kuweramira pafupi ndi thumba la malaya anga, pamene ankadziwa kuti ndimamvera bwino.

"Iwo anapita akudziwa kuti mlamu wawo anawadyetsa nkhumba. Za mbuzi yanuyo mukauza ndani?"