Masamba Awiri pa Nthambi Imodzi

Inu amene munanamiziridwapo mlandu anthu onse n'kukhulupirira, imvani za mtsikana uyu. Nkhani yake imandipsetsa mtima mpaka lero.

Tsiku limene anamuchotsa kuyunivesite, anamuimika kutsogolo kwa holo yodzaza ndi ophunzira anzake. Patebulo panali pepala lolimba limene iye anamatapo masamba ouma. Umu ndi mmene ophunzira za zomera amagwirira ntchito: amathyola masamba, kuwapanikiza pakati pa nyuzipepala ndi matabwa, akauma n'kuwamata papepala kuti akatswiri aone.

Chomera chakecho anachipeza m'nkhalango ya pamwamba pa phiri. Chinali ndi thunthu lolimba, lonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, koma sichinkaima chokha. Chinkayanga pa mitengo ina mpaka kukatulukira padzuwa. Masamba ake a m'munsi anali ogawikana ngati zala. A kumwamba, amene anawathothola ndi mpeni womangirira kundodo yaitali, anali obulungira ndiponso osalala. Anafufuza m'mabuku onse koma sanachipeze, ndipo mtima unamuuza kuti chimenechi n'chatsopano.

Pulofesa amene ankayang'anira kafukufuku wake sanavutike n'komwe kupita kuphiriko. Anangonyamula pepala lija m'mwamba kuti aliyense aone.

"Mwana uyu watola masamba a zomera ziwiri, wawamata pamodzi, ati watulukira chatsopano. Kuno sitiphunzitsa akuba."

Holo yonse inaseka chikhakhali. N'zoona kuti zomera zoyanga zimapiringizana, ndipo wothyola ndi ndodo ali pansi akhoza kusokoneza. Koma bamboyu sananene kuti mwana walakwitsa. Anati waba. Mawu amodzi amenewo anafafaniza zaka zonse za sukulu, ndipo palibe ngakhale mnzake mmodzi amene anamuperekeza pageti.

Mtsikanayo anabwerera kwa amayi ake, telala wosokera pakhonde la sitolo. Anadzitsekera m'kachipinda ka kuseri kodzaza ndi zigamba, osadya, osasamba, n'kumangotukwana chamumtima. Makasitomala ankabwera ndi diresi yoti ipindidwe, koma maso ali pachitseko cha kachipindako kuti aone wakuba wophunzira uja.

Tsiku lina amayiwo anaimitsa makina n'kulowa.

"Mwanawe, kulira kwakwana. Ngati sunaname, umboni wako uli kuti?"

"Uli m'mwamba mwa mitengo, amayi, kumene sindingafike."

"Ndiye kafike."

Anatuluka n'kukapitiriza kusoka ngati sananene kanthu. Mtsikanayo anawakwiyira kwambiri, koma mawuwo anakana kuchoka m'mutu mwake.

M'tauni munali gulu la anthu osadza mitengo yoyandikira mawaya a magetsi. Anapita kukapempha ntchito. Kapitawo wawo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa ngati wasochera njira ya kuofesi. Komabe anamulola kuti azikoka nthambi zodulidwa. Anakoka mpaka zikhatho zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, n'kutulukanso ena. Anzake akapuma, iye ankatenga chingwe n'kumaphunzira mfundo zimene okwera amamanga. Tsiku loyamba kukwera anaterereka, n'kutsala lende pachingwe akuzungulira ngati thumba, amuna aja akugubuduka ndi phwete. Anatsika, n'kulavula, n'kukweranso.

Chimene chinkamuwawa koposa matuza chinali kuona anzake a m'kalasi aja akudutsa pagalimoto za kuntchito, n'kutembenuza nkhope ngati sakumudziwa. Iye ali m'mwamba, chisoti kumutu, utuchi m'maso, ankangokukuta mano. Patapita zaka zingapo panalibe womuposa kukwera, ndipo kapitawo yemwe uja ndi amene anamupatsa dzina loti Gologolo.

Mvula yoyamba itagwa, nthawi imene zomera zimachita maluwa, Gologolo anabwereka zingwe n'kukwera phiri lija.  Anakapeza zomera zake zitadulidwa m'munsi, zikulendewera zouma. Mlonda wa nkhalango anamuuza mosadandaula kuti analamulidwa kupha zoyanga zonse chifukwa zimapana mitengo ya matabwa. Kodi akanazisiya bwanji, poti palibe buku limene linkati n'zosowa? Gologolo anakhala pamwala. Bodza limene linamuchotsa sukulu ndi lomwelo linkapha chomeracho.

Anafufuza nkhalango yonse mpaka anapeza chimodzi chamoyo. Chinayanga pa mtengo wopendekera kuphompho, kumene odula aja anaopa kufika. Anaponya chingwe n'kuyamba kukwera, dzanja limodzi likutsata thunthu la chomeracho osalisiya, kuopera kuti lingasokonezeke ndi lina. Pansi sanayang'aneko.

Pamene mthunzi unkathera ndi pamene anachipeza. Panali nthambi imodzi yokhala ndi masamba a zala kutsinde kwake, ogawikana pang'ono pakati, ndi obulungira kunsonga kumene kumawomba dzuwa. Timaluwa tachikasu tinali pomwepo, tonunkha ngati mkaka wosasa. Sanasangalale ayi. Analira ndi mkwiyo, chifukwa choonadi chinali pomwepa zaka zonsezo, kungodikira munthu woti akwere.

Anadula nthambi yokhayo, chomeracho n'kuchisiya. Ulendo uno sanapanikize kapena kuumitsa chilichonse. Nthambiyo anaikulunga m'saka lonyowa. Kondakitala wa basi ataumirira kuti chitsambacho chikwere padenga, iye anakana, ndipo anayenda ulendo wonse chiimire atachikumbatira.

Analowa mu ofesi ya pulofesa osagogoda, nsapato zili matope okhaokha, n'kuyala nthambiyo pamwamba pa mapepala ake. Bamboyo anaitembenuza uku ndi uku. Anakanda ndi chikhadabo pamene tsamba lililonse lamerera, kufunafuna pomatidwa, koma chimene chinatuluka ndi utomoni wauwisi. 

Zidutswa zinatumizidwa kwa akatswiri a m'mayiko ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Gologolo anabwerera kukasadza mitengo uku akudikira. Yankho linabwera loti chomeracho sichinalembedwepo kulikonse. A zankhalango analetsa kudula zoyanga paphiripo, ndipo yunivesite inamuitana kuti akamalize maphunziro ake.

Anakonza mwambo m'holo ya sukuluyo, atolankhani ali pomwepo. Pulofesa anavala suti yatsopano n'kulankhula nthawi yaitali za chomera chimene "ife tatulukira". Ife! Munthu wosadziwa ngakhale njira ya kuphiriko! Atamaliza anatambasula dzanja kuti amugwire chanza, makamera ali chire. Gologolo anasiya manja ake m'mbali.

"Bwana, musanandigwire chanza, nenani kaye pamaso pa anthuwa kuti sindinabe."

 Mkulu wa sukulu anamunong'oneza kuti zakale zisiyidwe, lero n'tsiku lachisangalalo. Gologolo sanasunthe. Dzanja la pulofesa linali likadali m'malere, ndipo thukuta linayamba kutsikira pakolala. Pomaliza anang'ung'udza kuti mtsikanayu sanabe.

"Akumbuyo sanamve, bwana."

Bamboyo anayandikira chimkuzamawu.

"Sanabe. Ndinamunamizira ndine."

Apo m'pamene Gologolo anamugwira chanza, kamodzi kokha, n'kukakhala pansi.

Inu amene mbiri yanu inaipitsidwa, musamvere okuuzani kuti kukwiya n'kulakwa. Kwiyani ndithu, koma mkwiyowo musagone nawo m'chipinda. Ugwiritseni ntchito. Ngati umboni wanu uli pamene simungafike lero, phunzirani kukwera, ngakhale akusekeni muli lende pachingwe. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa tsiku lanu loyankha likubwera.