Envulopu imene sinalowe m'bokosi

Chaka chimene ndinali Fomu 3 ndinkalemba zochitika za tsiku lililonse m'kope lachikuto chofiira. Kopelo ndikadali nalo. Masamba a Meyi ndi Juni ndimachita nawo manyazi, chifukwa pafupifupi onse akukamba za munthu mmodzi, ndipo sakumukamba bwino.

Amayi anga anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la nyumba ya lendi ku Chikanda, ndipo kumapeto kwa khonde lomwelo kunkakhala makina a mayi wina amene tinkangowatchula kuti aneba. Awiriwa ankaitanana kuti achemwali, ankabwerekana ulusi, sizasi, ngakhale makala a m'simbi. Amayi ndiwo anaphunzitsa anebawo kusoka kolala ya shati. Ophunzira a pakoleji akabwera ndi mathalauza oti achepetsedwe, ankayamba afika kwa amayi. Kwa aneba ankapita akapeza kuti amayi atanganidwa.

Nkhani inabwera ndi aneba omwewo. Anaona chikalata pakhoma la ofesi ina ya boma m'tauni. Boma, ndi thandizo lochokera kumayiko akunja, linkafuna matelala osoka zikwama za mabuku zoti zigawidwe kwa atsikana a m'sukulu.

"Akuti safuna makampani akuluakulu a ku Blantyre, achemwali," anatero aneba ali wefuwefu. "Akufuna ife tomwe, a pakhonde!"

Mafomu ake anali a Chingerezi, choncho onse awiri anandipatsa ine kuti ndiwalembere. Apa ndiulule. A amayi ndinawalemba mosamala, ndi rula pansi pa mzere uliwonse. A aneba ndinawalemba mothamanga, mpaka ndinafufuta pawiri. Aliyense ankayenera kuika fomuyo mu envulopu pamodzi ndi chikwama chimodzi chachitsanzo. Cha amayi chinali chokongola. Polumikiza lamba anasokapo kabokosi ndi mtanda m'kati mwake, monga ankachitira nthawi zonse kuti lamba asathothoke. Cha aneba chinali chokwinyika pakona. Tsikulo ndinalemba m'kope kuti, "Ntchito iyi ndi yathu. Dzina la amayi lifika kusukulu zonse."

Pansi pa fomu panali lamulo, ndipo ndinawawerengera onse awiri m'Chichewa: envulopu imatidwe, iponyedwe m'bokosi limene lili pakhomo la ofesi, Lachisanu isanakwane teni koloko m'mawa.

Lachisanulo ine ndinali ndi mayeso a masamu, sindinapite nawo. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ananyamuka ndi aneba dzuwa lisanatenthe. Atafika, aneba anangoponya envulopu yawo m'bokosi, phu, n'kupita kumsika kukagula tomato. Sanapereke moni kwa aliyense. Amayi anaona kuti kumeneko n'kupanda mwambo. Anakhala pabenchi, envulopu pamiyendo, kudikira bwana wa ofesiyo kuti amupatse ndi manja awiri.

Mlonda wapakhomo anawauza kawiri konse. "Mayi, ponyani umo, nthawi ikutha."

"Ndamva, bambo. Ndingowaona kaye nkhope abwanawo."

Abwanawo anali kumsonkhano kuhotela ya pamwamba pa phiri. Pomwe ankatsika n'kuti bokosi litalowetsedwa kale m'kati ndi kutsegulidwa. Moni wa amayi anaulandira mwaulemu, koma envulopu anaikana. Anati lamulo siliwalola kuigwira n'komwe.

Pobwera kusukulu ndinaipeza ili pamwamba pa kabati, yomata momwe ndinaimatira.

"Koma ndinakuwerengerani, amayi! Ndinati m'bokosi!"

"Unawerenga, inde. Koma iwe unamvapo munthu akupempha ntchito kwa bokosi? Bokosi lingadziwe kuti ndine yani, ndachokera kuti?"

"N'chifukwa chake analiika! Kuti asadziwe!"

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera kumakina awo.

Patatha milungu itatu aneba anabwera akuvina kuchokera kumsewu. Anali mmodzi mwa matelala amene anapambana. Amayi anawakumbatira, anawaimbira nthungululu. Ine ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Kuyambira pamenepo maso anga sankachoka kumapeto kwa khonde. Kunabwera makina awiri atsopano. Kunabwera chikwangwani chopaka utoto wobiriwira, cholembedwa dzina la shopu yawo, shopu yoti dzulo lake linali khonde chabe. Tsiku lina galimoto yoyera yaitali inatsika m'kanjira kathu kamabampu, munatuluka mayi wachizungu amene anawajambula aneba atakoleka tepi yoyezera m'khosi. Amayi analinso pachithunzicho, koma kumbuyo, akusesa. Aneba anaitanidwa kumaphunziro a masiku awiri kuhotela yomwe ija ya paphiri. Ine ndinabadwira m'munsi mwa phiri limenelo, ndinkaliona tsiku lililonse popita kusukulu, koma kuhotelako ndinali ndisanapondeko. Pobwera aneba anatitengera zipatso za masitiroberi m'kabasiketi.

"Kumtunda kuja kuzizira, achemwali! Chakudya chake umadzitengera wekha, palibe wokuyang'ana."

Ine masitiroberiwo sindinadye. Ndinati m'mimba mukundipota. M'kope ndinalemba kuti, "Lero aneba agula nsapato zogogoda, akuyenda ngati nkhuku pamalata. Ambuye mundikhululukire, koma fomu ija ndinalemba ndine." Tsamba lotsatira muli pemphero lopempha kuti nsanje ichoke mumtima mwanga. Tsamba linalo ndinalembanso za nsapato.

Chakumapeto kwa Juni aneba anabwera kudzakhala pamkeka pafupi ndi makina a amayi. Nsapato zija anazivula.

"Achemwali, zandikulira. Zikwama makumi awiri andibwezera, akuti malamba akuthothoka. Tsiku lopereka layandikira. Ndithandizeni, tigawana bwino."

Amayi anangoti, "Bweretsani nsaluzo."

Aneba atachoka ndinalephera kudzigwira. "Mukasoke pansi pa munthu amene munamuphunzitsa kolala?"

"Ndiye ukufuna anzako ku Songani ndi ku Malosa azikatola mabuku mumsewu? Tenga sizasi apo, udule ulusi."

Anasoka milungu iwiri osapuma. Chimene chinkandipweteka koposa chinali kansalu kakang'ono kokhala ndi dzina la shopu ya aneba, kamene kankasokedwa m'kati mwa chikwama chilichonse. Amayi ankakasoka okha, mowongoka bwinobwino, ngati dzinalo ndi lawo.

Zikwamazo zinafika ndi kusukulu kwathu komwe. Anaziunjika patebulo pabwalo, akuluakulu analankhula, ndipo aneba anaimiritsidwa kuti tiwaombere m'manja. Ndinaomba pang'ono, ndi zala zokha. Titafola pamzere, mtsikana aliyense ankatenga chikwama chapamwamba n'kudutsa. Itafika nthawi yanga ndinayamba kufukula mulu, kutembenuza malamba.

"Iwe!" anakuwa aphunzitsi aakazi amene ankagawa. "Ukusankha ngati uli pa kaunjika? Zonsezi n'zofanana!"

Anzanga anaseka. Sizinali zofanana. Chachisanu chimene ndinagwira chinali ndi kabokosi ndi mtanda palamba.

Nditafika kunyumba ndinatenga lezala, ndinakhala kuseri kwa nyumba n'kuyamba kusomola kansalu ka dzina kaja. Ndinali nditafika pakati pamene chithunzithunzi cha amayi chinandiphimba.

"Ukuchita chiyani?"

"Chikwamachi munasoka ndinu."

"Ndikudziwa. Nanga anaponya m'bokosi ndani?"

Ndinaika lezala pansi. Analowa m'nyumba, anabwera ndi singano ndi ulusi wobiriwira, anandiikira pamwendo.

"Bwezera. Ndipo uwongole, anthu angati mwana wa telala sadziwa kusoka."

Ndinabwezera, misozi ikugwera pansalu. Iwo anaima pomwepo mpaka ndinamaliza, anayang'ana msoko, anaukoka kuti aone ngati walimba. Kenako anakatenga envulopu ija pamwamba pa kabati, anaipukuta fumbi ndi chitenje, anandipatsa ndi manja awiri monga ankafunira kupatsira abwana aja.

"Sunga, uzidzaonera polemba ina. Uzidutsa pakhoma paja pochokera kusukulu, ukaona chikalata china undiuze. Koma kukaponya ukaponya ndiwe."

"Nanga inu?"

"Ine ndikaima panja ndi alonda. Munthu sangafike pakhomo pa eni n'kuchoka osapereka moni kwa wina aliyense."

Chikwamacho ndinachinyamula mpaka ndinalemba mayeso a Fomu 4, ndipo lamba wake sanathothoke. Tsiku lililonse ndinkasiya njira yachidule ya ku Chikanda, n'kuzungulira m'tauni kukayang'ana pakhoma paja.