Chitofu Chimene Apongozi Anakana

Inu amene mukuti dzina lanu laipa moti silingachapikenso, takhalani pansi ndikuuzeni za bambo wina amene anthu ankamutchula kuti Makoko.

Tsiku limene anapatsidwa dzinali, anadzuka m'mawa n'kupeza chitseko chikukana kutseguka. Atakankha ndi phewa, anaona chimene chinatchinga. Zinali zitofu za nkhuni, zina zitagona chammbali, zina miyendo ili m'mwamba, zonse zitasupuka. Anthu amene anazigula kwa iye anali atazibweretsa pa mawilibala n'kuzikhuthula pakhomo pakepo. Tizidutswa ta penti tinali mbwee pabwalo ponse, tikuuluka ndi mphepo ngati makoko a mtedza.

"Mwadzuka bwanji, a Makoko?" anatero mayi woyandikana naye nyumba, tsache lili m'manja. Dzinalo linamatirira kuposa penti ija.

Bamboyu ankagulitsa zitofu m'shopu ya munthu wina, ndipo pakamwa anali napo. Mwini shopu anamuuza kuti zitofuzo n'zokutidwa ndi enamelo, galasi lija amalisungunulira pamwamba pa chitsulo kuti moto usaliwononge. Makoko sanafunse kalikonse, ndipo sanayatsepo ngakhale chimodzi. Ankangozipukuta mpaka zili waliwali, n'kumauza ogula kuti, "Ichi mudzasiyira zidzukulu chikuwala chomwechi."

Koma inali penti wamba. Kuzizira kutafika, anthu anasonkha moto, pentiyo inatupa, inanunkha, kenako inayamba kuyoyoka. Mwini shopu anakhoma loko pachitseko n'kuzemba osatsanzika. Nkhope imene anthu ankaidziwa inali ya Makoko.

Pamulu paja panali chitofu chimodzi chimene chinamupweteka kuposa zonse. Chinali chobiriwira, ndipo anachisankhira yekha apongozi ake, mayi a mkazi wake, munthu wodwala mphumu. Utsi wa penti yopsayo unawatseka m'chifuwa mpaka anakagona kuchipatala. Mkazi wake anapita kukawadwazika, ndipo atatuluka m'chipatala sanabwererenso kunyumba.

Makoko anamutsatira kwa apongozi. Anacheza ataimirira pageti, chifukwa mpando sanamupatse.

"Ine sindinadziwe," anatero.

"Simunadziwe, koma munalumbira," mkazi wake anayankha. "Mayi anakufunsani kuti chitofuchi chilema chake n'chiyani, inu munati chilibe. Ndimakukondani, amuna anga, zimenezo sizinasinthe. Koma sindingamagone kwanu mayi anga asakufuna n'kumva dzina lanu lomwe."

Anabwerera yekha m'nyumba ya zii. Anzake ankamuuza kuti agulitse zitofuzo kwa ogula zitsulo zakutha, asamukire kutali kumene sakumudziwa. Nzeru imeneyo inamukomera kwa masiku angapo, ndisakubisireni. Koma kusamuka kunatanthauza kusiya mkazi wake pageti paja, ndipo zimenezo mtima wake unakana.

Choncho anayamba kufunsa funso limene anayenera kufunsa kalekale: kodi enamelo weniweni amamudziwa ndani? Anthu anamulozera kuseri kwa msika, kwa mayi wina amene ankakonza mabafa ndi mapoto akale. Ankawatchula kuti Mayi Ng'anjo. Anali aafupi, nsidze zinapsa kale, ndipo moni kwa iwo kunali kutaya nthawi.

Anayang'ana chitofu chimene Makoko anabwera nacho, n'kutulutsa mpeni m'thumba la epuloni. Atakanda pambali, penti inapiringizika n'kugwa. Kenako anakanda bafa limene anali atangolikonza. Mpeni unangolira n'kuterereka, osasiya ngakhale kamzere.

"Kwanu kunalibe mpeni?" anafunsa.

Mayiwo anagogoda chitofucho ndi chibakera n'kumvetsera.

"Chitsulo chokha n'chabwino, n'chokhuthala. Anachinyoza ndi penti. Ngati muli ndi msana, bwerani muzidzapala dzimbiri. Ndikamaliza ntchito yanga, ng'anjo ikadali yotentha, muziikamo zanuzo."

Munthu amene anazolowera malaya ositidwa anayamba kupala zitsulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Manja anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, pamwamba pake panatulukanso ena. Anaphunzira kuti enamelo amayamba ngati ufa wa galasi, amausakaniza ndi madzi, amaupaka pachitsulo, ukauma amalowetsa chitsulocho m'ng'anjo mpaka chifiire kuti psuu. Pomvetsera zinkaoneka zophweka.

Chitseko cha chitofu chimene anayamba kuwotcha chinatuluka chili ndi zithupsa ngati nkhope ya mnyamata wongotha msinkhu. Mayi Ng'anjo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Munasiya dzimbiri m'makona poganiza kuti sindiona. Ine mukhoza kundinamiza, koma moto ayi. Penti ndiye imabisa zinthu, enamelo amaulula. Palani mwatsopano."

Anapala mwatsopano. Ulendo wina anagwira chitsulo choyera ndi manja a thukuta, ndipo enamelo anakanganuka ndendende pamene panakhudza zala zake. Tsiku limenelo anakhala pansi kuseri kwa ng'anjo n'kulira, bambo wamkulu ndithu, ndevu zili pachibwano. Anali atatopa, ndipo ankamusowa mkazi wake. M'mawa mwake anali woyamba kufika pantchito.

Pang'ono ndi pang'ono dzanja linazolowera. Chitofu chilichonse chikatha, ankachikweza pa wilibala n'kupita nacho kwa mwini wake. Ena anamutsekulira agalu. Ena anangochilandira ngati akumuchitira chifundo. Zitofu zina zinali za chitsulo chopyapyala ndipo zinapindika m'ng'anjo. Eni ake anawauza zoona, kuti ichi sindingachipulumutse, ndipo analandira matukwano ake ataimirira.

Cha apongozi anachisiyira kumapeto, dzanja litakhwima. Anachipala mpaka mkati mwa miyendo momwe palibe amene amasuzumiramo. Chinatuluka m'ng'anjo chobiriwira bwino, chosalala moti munthu n'kudziyang'anirapo nkhope. Ngakhale Mayi Ng'anjo anachizungulira kawiri osapeza chilema.

Makoko anachikankha pa wilibala mpaka pageti paja. Mkazi wake anatuluka, anachiyang'ana, anayang'ananso manja ake okhakhalawo. Koma mawu a apongozi anachokera pawindo.

"Uwauze bambowo kuti mapapo anga ndi omwewa, osinthira ndilibe. Chinkawala chija, chikuwalanso ichi. Abwerere nacho."

Apa ndi pamene ambiri a ife timatayira zida pansi. Timati ndayesetsa, andikana okha, mlandu ulibenso pa ine. Makoko anabwerera nacho kuntchito, ndipo anachitsitsa pakhonde osadziwa choti achite nacho.

"Ndiye mukhala mukuchiyang'ana mpaka chidzakupepeseni?" Mayi Ng'anjo anafunsa. "Gogoyo sanalakwe. Chitofu chozizira chilichonse chimaoneka chabwino."

Mawu amenewo anamulowa. Anakankhira chitofucho kutsogolo kwa khonde, moyang'ana msewu, analumikiza paipi ya utsi, n'kuyatsa moto. Anayamba ndi kamoto kakang'ono ka tinkhuni touma kuti chitsulo chizolowere, kenako anawonjezera. Tsiku lotsatira anayatsanso. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanagwire ntchito ina iliyonse, ankayatsa chitofu cha apongozi.

Anthu odutsa ankaima n'kumadikira kuti aone tsiku limene chidzasupuke. "A Makoko, tibwere liti ndi matsache?" ankatero. Kenako omwewo anayamba kumaima kuti awothe manja. Onyamula katundu pamsika ankatenthetsapo madzi. Kuzizira kunatha, kunabwera dzuwa, kunabwera mvula, chitofu chili chobiriwira chomwecho.

Tsiku lina akutsitsa mtolo wa nkhuni, nkhwangwa inamupulumuka n'kumenya kona ya chitofucho. Kachidutswa ka enamelo kanathetheka, pakatsala kadontho kakuda kukula ngati chikhadabo. Miyezi yonseyo anthu ankadikira chinthu chimenechi.

M'nyumba yogwiriramo ntchito munali kachitini ka penti yobiriwira yopakira mafelemu a mawindo. Makoko anakatenga. Anaviika burashi, anagwada pakona paja, ndipo mtundu unkafanana ndendende. Palibe amene akanazindikira. Mayi Ng'anjo anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno, akumuyang'ana.

Makoko anayang'ana burashi ija, penti ikudontha pansi. Kenako anatseka kachitiniko n'kukabweza. Pakadontho paja anangopakapo timafuta kuti dzimbiri lisalowe, basi.

Mukudziwa chimene chinachitika? Kadontho kameneko ndi kamene kanayamba kumubweretsera anthu. Munthu akabwera kudzafunsa za chitofu, Makoko ankayambira pomwepo. Ankamuonetsa pothethekapo, n'kumupatsa mpeni kuti akande pena paliponse pamene akufuna. Ankamuuza kuti ayese kunyamula chitofu, chifukwa chopepuka sichichedwa kupindika. Ankamuuza kuti atseke chitseko chake aone ngati chikugwira bwino, apo ayi utsi udzadzaza m'nyumba. Wina wa kachipinda kakang'ono akafuna chitofu chachikulu, ankamukaniza kuti, "Mudzagona panja chifukwa cha kutentha, tengani chaching'onochi."

Anthu amauzana. Ntchito inachuluka mpaka Mayi Ng'anjo anachepetsa za mabafa, ndipo tsiku lina anamuponyera kiyi wa pakhomo. "Musamandidikire m'mawa ngati waganyu," anatero. "Malo ano ndi athu tonse tsopano." Anayamba kugula zitofu zachitsulo chokhuthala n'kumazikuta okha. Koma kunyumba Makoko ankadyabe yekha.

Kuzizira kutabwereranso, m'mawa wina anaona anthu awiri akubwera pang'onopang'ono mumsewu. Anali mkazi wake atagwira mkono wa apongozi, amene anadzikulunga mpango mpaka m'makutu. Makoko anaimirira, manja osadziwa powaika.

Apongozi sanamuyang'ane. Anapita molunjika pachitofu chimene chinali kuyaka, anamasula mpango, n'kuweramira pafupi. Anakoka mpweya wautali. Anakokanso. Mkazi wa Makoko anali atagwira kale kabotolo ka mankhwala a mphumu, koma chifuwa chinali phee.

Kenako gogoyo anatsegula chikwama n'kutulutsa mpeni wa kukhitchini umene anabwera nawo. Anakanda pambali mwamphamvu, mpeni unangoterereka. Diso lawo linafika pakona paja, ndipo anaimika nsonga ya mpeni pakadontho kakuda.

"Bambo," anatero, ndipo kanali koyamba kumulankhula maso ndi maso chichokereni kuchipatala. "Chitofuchi chilema chake n'chiyani?"

"Zilema chili nazo, amayi," Makoko anayankha. "Moto sichiopa, kusupuka sichisupuka. Koma mukachimenya ndi chitsulo chimathetheka. Apo ndinagwetserapo nkhwangwa ndine. Mukathira madzi ozizira chili chotentha, enamelo amachita ming'alu. Nkhuni zaziwisi zimachidetsa, ndipo paipi ikapanda kuyeretsedwa mudzatsokomola, ngakhale chitofucho chikhale chabwino bwanji. Muli zatsopano m'katimu zopanda banga. Sankhani chimene mwakonda."

Apongozi anasuzumira m'kati, mmene zitofu zatsopano zinandandalikidwa zili waliwali, n'kupukusa mutu.

"Izo sizinaone moto. Changa ndi ichi, ndipo mwachisunga nthawi yaitali mokwanira." Anabweza mpeni m'chikwama. "Chikazizira mubwere nacho, mudzachiyatse nokha. Mukatero mudzadye, kenako mutenge mkazi wanuyu muzipita. Ndatopa ndi munthu wondiphikira maso ali kumsewu."

Makoko anawerama n'kuthokoza. Mkazi wake anamugwira dzanja lokhakhala lija, ndipo sanalisiye. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chiyambireni, iye mwini anaphula nkhuni m'chitofu dzuwa lisanafike pamutu, kuti chizizire msanga.

Mpaka lero anthu amamutchulabe Makoko, ndipo amavomera ndi nkhope yowala. Amene akufuna chitofu cholimba amafunsa njira ya kwa Makoko, ambiri osadziwa n'komwe kuti dzinalo linayamba ngati chitonzo.

Ndiye inu amene anthu akutayirani zolakwa zanu pakhomo, musasamuke. Zinyamuleni chimodzichimodzi. Palani dzimbiri mpaka m'makona, ndipo pothetheka musapakepo penti. Amene mukufunitsitsa kuti akukhululukireni mwina adzakubwezani pageti, ndipo zidzawawa. Bwererani mukayatse moto poonekera, mawa mudzayatsenso. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa tsiku lina adzabwera ndi mpeni wawo, ndipo akupezeni mukuyakabe.