Tiyi wa M'chitini cha a Sista

Kwathu ku Kambombo tiyi ndi chakudya. Timamwera mbatata kapena chimanga chophika, ndipo mlendo timamuphikira wolemera: masamba awire mpaka madzi ade, mkaka ndi shuga zithiridwe mosaumira, kapu idzaze mpaka m'milomo. Kumupatsa mlendo tiyi wamadzimadzi n'kumuuza kuti kubwera kwake sikunakusangalatseni. Zimenezi ndinali nazo m'mutu pamene amayi anandiperekeza ku Tembwe nditangomaliza giredi seveni, zaka za m'ma 1990.

Pachipatala cha kumeneko panali mayi ena, anamwino ochokera ku Lusaka, amene aliyense ankangowatcha a sista. Anapangana ndi amayi kuti andiyese mwezi umodzi. Ndikawakhutiritsa, ndizikhala pakhomo pawo, ndiziwathandiza ntchito za m'nyumba uku ndikupitiriza sukulu. Ndikalephera, ndibwerere kumudzi kukapirikitsa anyani kumunda. Sukulu ndinkaifuna, choncho ndinkatsuka mbale kawiri, ndipo sindinkayankhula pokhapokha andifunse.

Sabata yachitatu kunabwera akulu awo a sista kuchokera ku Lusaka, atayenda masiku atatu pa basi ndi pa lole. Anabweretsa kachitini kobiriwira ka tiyi. Nditakatsegula ndinaona masamba osakaniza ndi makoko ouma a malalanje, timaluwa tofiira ndi timakungwa. Fungo lake linali ngati la masiwiti.

Titadya mpunga ndi nkhuku masana, a sista anandiitana.

"Iwe mwana, manje tipangire tiyi wa m'chitini chija. Masipuni awiri, madzi otentha chabe. Utenge timakapu tating'ono tija."

Ndinamva bwinobwino. Koma nditafika kukhitchini mtima unakana. Munthu woyenda masiku atatu, mkulu wawo weniweni, apatsidwe madzi ofiira m'kakapu kosadzaza n'kukamwa komwe? Ndinaganiza kuti a sista atopa ndi ntchito ndipo aiwala ulemu, ndiye ine ndiwachotse manyazi mwakachetechete. Ndinakhuthulira theka la chitini mumphika, n'kuwiritsa, n'kuthira shuga ndi mkaka waufa wosungunula.

Mkaka unadukaduka nthawi yomweyo. Pamwamba panayandama timibulu ngati chambiko, madziwo n'kusanduka otuwa. Ndinatakasa, zinangoipiraipira.

Fungo linakopa akulu aja, ndipo anasuzumira mumphika.

"Mayo ine! Ukuphika phala kapena mankhwala a nkhuku?"

A sista analowa pambuyo pawo. Anayang'ana mphika, anayang'ana chitini, kenako ine.

"Ndinakuuza kuti chiyani?"

Ndinagwada. Ndikanatha kunama kuti sindinamve, koma ndinanena mmene zinalili. "Munati madzi chabe, amayi. Koma kwathu mlendo sitimupatsa tiyi wopanda kanthu. Ndinaopa kuti anena kuti ndinu omana."

Akulu aja anaseka mpaka kugwira chitseko. "Wamva, mng'ono wanga? Ngakhale mwana wakuona kuti ndiwe womana! Ine ndinayamba kalekale kunena."

A sista sanaseke. Ndinaona munda wa amayi ndi anyani ake zikundiyandikira.

"Taya zimenezo," anatero. "Ubwere ukhale apa, uone."

Anathira masipuni awiri m'ketulo, n'kuthira madzi otentha, n'kuvundikira. Tinadikira pang'ono. Kenako anadzaza timakapu titatu, kamodzi n'kundipatsa ine. Anandifotokozera kuti tiyi ameneyu si wokhutitsa, amamwedwa mukatha kudya m'malo mwa zotsekemera, ndipo timaluwa tofiirato n'towawasa, n'chifukwa chake tinadula mkaka.

"Yamba wanunkhiza. Usameze msanga. Ukumva chiyani?"

Ndinasunga tiyiyo mkamwa. Poyamba kunabwera malalanje, kenako kuwawasa kodziwika bwino, ndipo pomeza panatsala kutsekemera kofunda pakhosi ngakhale munalibe shuga. Mafuta a nkhuku amene anatsalira mkamwa anachoka onse.

"Malalanje, amayi. Ndi kanthu kena ngati bwemba. Pamapeto pali kokoma ngati khungwa la mtengo, koma dzina sindikulidziwa."

"Sinamoni ameneyo," anatero akulu aja. "Mwana uyu ali ndi lilime."

Mawu amenewo anandilimbitsa mtima. Ndinati popeza ndawononga theka, ndikhoza kupanga wina wofanana naye kuti wotsalayo akhalitse. Bwemba anali mbwee kuseri kwa chipatala, mtengo wa mandimu unali pakhomo pomwepo, ndipo uchi anali nawo m'botolo.

"Uyese mawa," anatero a sista. "Koma uzichita zimene ndakuuza. Ukakhala ndi maganizo ako, uzibwera nawo kwa ine, osati kumphika."

Mawa lake ndinaviika bwemba pang'ono, n'kusefa madzi ake, n'kuthiramo masamba wamba a tiyi, masamba awiri a mandimu ndi kasipuni ka uchi. Woyamba anawawasa mpaka akulu aja anatsinzina. Ndinachepetsa bwemba, ndinawonjezera khoko la lalanje lowamba pamoto. Wachiwiri anamwa wonse, kenako anatambasula dzanja kufuna wina. Pobwerera ku Lusaka ananyamula thumba la bwemba.

Mwezi utatha amayi anabwera pa njinga ya amalume kudzamva mmene ndachitira. Anakhala pamkeka akuyang'ana pansi, okonzeka kunditenga. A sista anawauza kuti akabweretse makalata anga a sukulu ndi zovala zotsala, chifukwa ndikuyamba giredi eyiti pomwepo.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Apangire amayi ako tiyi. Osati wa m'chitini. Wa kwanu, wolemera, ndipo shuga usaumire, angamanene kuti ndine womana."

Ndinawadzazira kapu yaikulu mpaka m'milomo. Ndekha ndinadzithirira wa bwemba m'kakapu kakang'ono, ndipo amayi ankandiyang'ana modabwa ndikununkhiza ndisanamwe.