Dimba la Onyentchera

Kheni yothirira mbewu imene amayi analandira inali yachitsulo, yopakidwa penti yachikasu kuti isasokonekere ndi za ena, ngati kuti m'mudzi mwathu munali munthu wina amene anali ndi kheni. Chigwiriro chake chinkalira kwee, kwee, munthu akamayenda nayo yopanda madzi. Kulira kumeneko ndinkadana nako koopsa, chifukwa njira yopita kumtsinje inkadutsa kuseri kwa kalasi yathu, ndipo m'mawa uliwonse ana onse a Sitandade 5 ankadziwa kuti akudutsawo ndi amayi a ndani.

Chinali chilimwe cha chaka china m'zaka za m'ma 80, mvula itadula msanga, nkhokwe zambiri zili pululu. Kunabwera thandizo la ndalama lochokera kunja, linadzera kuchipatala. Anagula waya wa mpanda, makasu, makheni ndi mbewu, n'kupempha malo m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi kuti pakhale dimba. Cholinga chinali chabwino, sindingakane: ana adye masamba ndi nyemba, asiye kufa. Koma amene anakonza zimenezi anachita chinthu chimodzi chopusa, ndipo mpaka lero ndikachiganiza mtima umandiwira. Anati dimbalo si la aliyense. Ndi la amayi okhawo amene ana awo apezeka onyentchera kusikelo.

Akanafunsa ngakhale munthu mmodzi wogulitsa nthochi pa Songani, akanawauza. Kwathu mwana akatupa miyendo, tsitsi n'kufiira, anthu sankanena za chakudya ayi. Ankati ndi tsempho. Ankati mmodzi mwa makolo wayenda njira yosayenera, wagona kwina, kenako wabwera n'kudzagwira mwana. Choncho mayi wonyamula kheni yachikasu ankakhala ngati wavala belu m'khosi. Amayi ambiri amene anaitanidwa anakana. Ena analandira kheni n'kukaibisa kudenga. Amayi anga anainyamula masana, dzuwa likuswa mtengo.

Wodwalayo anali mlongo wanga wamng'ono, chitsiriza m'nyumba mwathu. Anali atayamba kuyenda, kenako anasiya. Ankangokhala pamkeka, masaya ali tuu, kulira kwake ngati kamwana ka mphaka. Khungu la m'ntchafu linkasupuka ngati penti yakale. Ndikamunyamula ankanunkha fungo lina lake lozizira limene sindinalimvenso kwina kulikonse. Abambo ankagwira ntchito ku Zomba m'tauni ndipo ankabwera pa njinga mwezi ukatha. Chaka chimenecho anayamba kudumphitsa miyezi.

Ine za tsempho sindinkadziwa kanthu. Ndinkangoona kuti anthu asintha. Amayi akafika pachitsime nkhani zinkatha. Mpiru woyamba utakula, amayi anandituma kukapereka mtolo kwa akazi a amalume. Analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza bwinobwino. Pobwerera ndinacheuka, ndinaona akuponyera mbuzi. Ndinaganiza kuti vuto ndi umphawi, kuti ndife anthu odya zopatsidwa, ndipo manyazi anandigwira.

Tsiku lina amalume anabwera okha. Anakhala pakhonde, chipewa chili pabondo, ine ndili kuseri ndikusenda nzimbe. Zambiri sindinamve. Ndinangotola mawu akuti, “Chemwali, mwamuna wako sakhala pano. Ukuganiza kuti anthu aloza ndani? Ukudziyalutsa wekha.” Ankafuna kuti amayi abweze kheni, aitane ankhoswe, mwana amufunire mankhwala achikuda. Amayi anayankha mawu ochepa, osakweza: “Achimwene, anene. Mwanayu adye basi.”

M'dimbamo, ndinene zoona, munali mokongola. Loweruka amayi ankandikakamiza kukathandiza kutunga. Dothi lakuda lonunkhira manyowa, mabedi a repu ndi tchainizi, nyemba zikukwera mitengo, matimati akupsa, ndipo kumtunda uko phiri lili bii ndi utsi wa moto wolusa. Munali amayi ochepa okha, ana ali kumsana, ndipo nawonso sankachezerana kwenikweni. Aliyense ankayang'ana bedi lake. Kunali mayi mlangizi wochokera kuchipatala amene ankawaphunzitsa kusinja masamba n'kuthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Phalalo linkaoneka lobiriwira ngati ndowe. Mlongo wanga ankalilavula, amayi n'kumuwolera pachibwano ndi chala, n'kumubwezeranso m'kamwa. Ankatha nthawi yaitali pa kambale kamodzi.

Kenako kunamveka kuti eni ndalama akubwera kudzaona dimba lawo. Aphunzitsi athu anatiphunzitsa nyimbo yolandirira alendo, ndipo tsikulo tinandanda kunja kwa waya, mapazi opaka mafuta. Kunabwera galimoto yoyera, munatuluka azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, ndi mabwana a kuchipatala. Amayi a m'dimba anawaimika pamzere, aliyense mwana m'manja, kheni pambali. Mlangizi uja anayenda nawo alendo mpaka anaima pa amayi anga. Anatenga phazi la mlongo wanga, analidina ndi chala chachikulu, n'kuchotsa. Panatsala kadzenje. Onse anawerama kuyang'ana kadzenjeko kakuchedwa kubwerera. Mzungu wamkazi anagwira pakamwa. Wamwamuna anajambula.

Apo n'kuti sukulu yonse ikuonera. Ndiye aphunzitsi, pofuna kuoneka odziwa zinthu, anakuwa dzina langa. Anauza alendo m'Chingerezi kuti uyu ndi mchimwene wake wa mwanayo, ndi wanzeru m'kalasi. Anandikankhira mkati mwa mpanda kuti ndikaime pafupi ndi amayi, mzungu uja ajambulenso. Ndikukumbukira kutentha kwa makutu anga. Ndikukumbukira dzanja la amayi paphewa panga, lokhakhala, lonunkha madzi a mumtsinje, ndi mmene ndinapendekera kuti lichoke. Iwo anaima chilili, maso patsogolo. Chithunzi chimenecho sindinachione. Mwina chili m'kabati kwinakwake kutsidya kwa nyanja, ndipo amene amachiona amati taonani banja lothandizidwa.

Pobwerera kusukulu mnyamata wina wamkulu, wobwereza kalasi, anandiyandikira n'kunena mokweza kuti, “Iwe, ukafunse amako kuti abambo ako akakhala ku Zomba, pakhomo pamabwera ndani.” Anzake anaseka. Sindinamve tanthauzo lake, koma kuseka kuja ndinakumva. Ndinatola chibuma n'kumuphwanya nacho pakamwa. Ukali ndinabadwa nawo, sindikunamizira dimba, koma tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti ndili nawo. Aphunzitsi anandigoneka pa desiki. Atandikwapula kangapo anafunsa chimene tinayambanirana, ndipo mtsikana wina anabwereza mawu aja. Aphunzitsi anatsitsa ndodo. Anangoti, “Pita ukakhale pansi.” Sanandiyang'anenso tsiku lonse. Zimenezo zinandisokoneza kuposa chikwapu.

Kunyumba ndinawauza amayi kuti asiye kudutsa kusukulu. Sanafunse chifukwa. Kuyambira m'mawa mwake anayamba kuzungulira njira ya kumanda, yaitali, yaminga, mwana kumsana. Kudimba kokha sanasiye.

Mmene mitambo inkayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, kutupa kunali kutaphwa. Mlongo wanga anaonda kaye mochititsa mantha, kenako anayamba kudzaza. Tsitsi lakuda linamera pansi pa lofiira lija. Anayamba kulusa, kulanda chakudya m'manja mwa anthu, kundiluma. Lero ndi mayi wa ana ake, wonenepa, wolongolola, ndipo za chilimwe chimenecho sakumbukira kalikonse. Ana awiri a amayi amene anabisa makheni kudenga tinawaika m'manda mvula isanagwe.

Abambo anabwera kamodzi kokha nyengo imeneyo. Amayi anaphika repu wotendera. Abambo anafunsa kumene ndiwozo zachokera, ngakhale ankadziwa, kenako anakankha mbale. Anati mkazi wawo wawachititsa manyazi dera lonse, mpaka ku Malosa anthu akuwaloza. M'mawa anamanga zovala zawo zonse pakaliyala. Ine ndinawaperekeza mpaka kumsewu, ndikukankha njinga, ndipo mumtima ndinali mbali yawo. Ndinkati akunena zoona.

Ndinadzamva ndili ku sekondale kuti ku Zomba abambo anali ndi nyumba ina, ndi mwana wina wamsinkhu wa mlongo wanga, wonenepa bwino. Malipiro ankathera kumeneko. Ndiye onani: anthu a kwathu sanalakwitse kwenikweni ponena kuti mwana akatupa, kholo lina layenda. Analakwitsa njira imene matendawo amadzera, ndipo analoza munthu wolakwika. Amalume ankadziwa. Aphunzitsi ankadziwa. Amayinso ankadziwa kuyambira kale, ndipo akanangotsegula pakamwa pachitsime paja, zala zonse zikanatembenukira kwina. Sanatero, poopa kuti ife tingamve.

Koma tsiku limene abambo anachoka lija, nditabwerako kumsewu, ndinapeza amayi atakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, akusinja masamba mu kamtondo. Mlongo wanga anali atagwira chipupa, akuyesa kuima. Amayi anandifunsa ngati abambo akwera bwino. Ndinangoima pamenepo ndikuwayang'ana, mwamuna wawo atangochoka kumene, iwo ali jijirijijiri ndi phala la mwana, ndipo ndinadabwa kuti munthu angakhale bwanji wopanda manyazi chotere.